Alamu Atsuka Timapaketi

Wojambula zithunzi anali ndi ukwati woti akajambule masana omwewo, ndipo kamera anali nayo imodzi yokhayo basi. Atalowa m'chipinda chake chogwirira ntchito, anapeza mlamu wake, munthu wosatha kukhala manja lende, akufinya timapaketi toyera m'beseni.

"Alamu, mukutani?"

"Ndikutsuka," anatero mlamuyo osadzutsa mutu. "Munati ndiyeretse zonse za m'bokosi la kamera."

"Ndinati mupukute fumbi!"

"Munati zonse. Ndinamva ndi makutu angawa."

Wojambula anatola kapaketi kamodzi, madzi ali ndondondo. Mtima unamuwawa ndithu, poti timapaketito ankatisamala ngati mazira.

"Ntchito yake mukuidziwa?"

"Palembedwa kuti osadya. Sindinadye."

"Timikanda tili m'katimu timayamwa chinyezi. Nyengo ya mvula ino, popanda timeneti galasi la kamera limachita nkhungu."

"Timayamwa madzi?"

"Eya!"

"Ndiye tayamwadi. Beseni ili linali lodzaza."

"Takhuta tsopano! Tikakhuta sitigwiranso ntchito!"

"Ngati anthu," anavomereza mlamuyo. "Koma alamu, m'bokosimo..."

"Musandidule! Lero mumva mpaka mumvetse."

Wojambulayu akayamba kuphunzitsa munthu, ngakhale nyumba ikupsa amayamba wamaliza kaye. Anakoka dirowa, n'kutulutsa kapaketi katsopano, n'kukagwedeza pamphuno pa mlamu wake.

"Mukukamva kulira? Aka n'kouma. Amakaika m'nsapato zatsopano, m'mabotolo a mankhwala, ngakhale mosungira mbewu."

"Kuti kazitani m'nsapato?"

"Kaziyamwa chinyezi!"

"Munthu atavala?"

"Zili m'bokosi, alamu! M'bokosi lotseka!"

"Ee, za bokosi zomwezo ndimafuna ndinene kuti..."

"Ndati musandidule! Mukakaika m'bokosi n'kutseka bwinobwino, chinyezi chonse chimatha."

"Chonse?"

"Chonse."

"Ngakhale chochuluka?"

Apa wojambula anadziwa ndithu kuti kapaketi kamodzi kali ndi malire ake. Koma abwerere m'mbuyo pamaso pa mlamu? Ayi ndithu.

"Ndati chonse!" anatero akumenya tebulo.

Mlamuyo anapumira m'mwamba, n'kupukuta manja pamalaya, nkhope yonse itamasuka.

"Aa, ndiye mwandikhazika mtima pansi, alamu. Kaikeni msanga m'bokosimo. Kamerayo chiitsukireni ndaipukuta katatu, koma ndikaigwedeza mukumvekabe madzi m'kati."