Dzanja la Filipo silichoka pa chingwe

Abusa, akulu ampingo, amayi ndi abambo, mtendere ukhale nanu nonse. Ndikufuna kuchitira umboni, koma ndineneretu kuti ukutuluka ndi mkwiyo. Ndapempha Mulungu auziziritse kuyambira Lachinayi, sunazizire.

Mukundidziwa, ndine uja sindinaponde pasukulu koma pepala silindidutsa. Zilembo ndinaziphunzira pa matumba a mchere, ndipo mpaka lero ndikamawerenga milomo imayenda ngati mbuzi ikubzikula. Sekani, nanenso ndimadziseka.

Mlongo wanga pomwalira anandisiyira ana awiri, Filipo ndi Esinati. Filipo ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndiye amayendetsa ngolo yathu. Ulemu ndinamuphunzitsa ndine. Ndinati, ukakumana ndi wamkulu, siya chimene wagwira, vula chipewa, omba m'manja. Sindinamuuze kuti pa ngolo n'zina. Sindinamuuze, abale.

Chaka chatha titakumba nsawa tinanyamuka nazo kupita ku msika wa ku Sinda. Filipo kutsogolo ndi chingwe cha ng'ombe, Esinati pamwamba pa matumba, ine kumbuyo. Ntchito yanga inali imodzi yokha, kuyang'ana malole obwera kumbuyo. Koma ndinali ndi nyuzi. Nyuzi yakenso yokulungira sopo kusitolo, ya miyezi itatu, yong'ambika theka. Ine mutu uli m'menemo, kulimbana ndi nkhani za Chitaganya ngati Bwanamkubwa akudikira maganizo anga.

Pa kamlatho tinakumana ndi mkulu wina woyenda pansi. Filipo anachita monga ndinamuphunzitsira: chingwe pansi, chipewa pansi, manja akuomba. Nthawi yomweyo lole inaliza hutala kumbuyo kwathu. Ng'ombe zinadzidzimuka n'kulumphira m'ngalande, ngolo n'kupidiguka. Ine ndinadzuka nyuzi idakali m'manja. Esinati sanadzuke. Mwendo wake unali pansi pa gudumu.

Kuchipatala cha mishoni dokotala anati, "Kutupaku kukapanda kutsika pofika Loweruka, tidula." Mwana wa zaka khumi, abale. Amayi inu munabwera, munagwada nafe pakhonde lija, mukukumbukira. Ine sindinapemphe mawu ambiri. Ndinkangoti, Ambuye, wolakwa ndine, mwendo ndi wake. Loweruka dokotala anamasula nsalu, anadina, anadinanso, nati, "Mwendo ukhala." Anachita ndi Mulungu, palibe wina.

Tsono mvetserani za Filipo. Mnyamata ameneyu sanakhale pansi n'kumangolira. Anapita ku dibi, kumene anyamata amasonkhana ndi ng'ombe zawo, nawauza zonse, osabisa kanthu. Anapangana okhaokha, popanda wamkulu wowatuma. Anati pa msewu waukulu dzanja silichoka pa chingwe, silichoka pa handulo ya njinga. Moni ndi wa pakamwa, ulemu wonse ukaima pabwino. Woimba banjo aisunge m'thumba, asaimbe akuyendetsa. Wophwanya pangano amamutsitsa, ayende pansi, mnzake atenge chingwe.

Ndinawamva tsiku lina akumuzenga mlandu mnzawo.

"Iwe Sandikonda, khosi lako lilibe buleki? Dzulo linapotoloka mpaka pachitsime."

"Ndimayang'ana mitambo ine."

"Mtambo wovala duku? Tsika, achimwene, uwone mitambo yako uli pansi."

Anatsika. Nanenso sanandisiye. Nditatulutsa pepala pa ngolo, Filipo anati, "Atsibweni, lipindeni kapena mutsike." Ndinalipinda. Lero pangano limeneli lafika ku Katete, ndipo anyamata a njinga ochokera cha ku Vubwi akulisunganso.

Apa ndi pamene mtima wanga ukutentha. Lachinayi Filipo anakumana ndi mkulu wa mpingo uno pa kamlatho komweko. Dzina sinditchula, mwini wake akundimva. Filipo anati, "Moni atate, ndiimike kaye ng'ombe." Anawoloka, anazimanga pamtengo, anabwerera chipewa chili m'manja. Chimene analandira ndi ndodo pamsana. Ndipo ndamva kuti tikatuluka muno akulu akumana kuti amuchotse m'kalasi, asabatizidwe, chifukwa cha mwano.

Mwano? Mwana amene wamanga ng'ombe n'kubwerera wapansi kudzakugwadirani, ndiye wamwano? Ena mukuti ana a masiku ano aononga mwambo. Mwambowo ndinauona ine, ndi maso awa. Mkulu uja tinakumana naye chaka chatha analandira ulemu wake wonse, manja onse anaombedwa. Kodi manjawo anadzutsa ngolo? Kodi anachotsa gudumu pa mwendo wa mwana? Makolo athu poika mwambowu ankakumana m'tinjira ta kumunda, malole kunalibe. Ife akulu tinaona malole akubwera, tinangokhala chete, ine woyamba, ndi nyuzi yanga. Ana ndi amene aganiza. Ndiye tiwamenye? Tiwatsekere madzi a ubatizo chifukwa akana kupha alongo awo?

Abusa, mundikhululukire, mawu akwera. Koma akulu ampingo, mukakhala pansi masanawa, mundiitane. Ngati pali dzina lofufuta m'buku, yambani ndi langa, pakuti wophunzitsa mwanayu kutaya chingwe ndine. Ndiliwerenga ndekha mukamalifufuta, pang'onopang'ono monga mwa kuwerenga kwanga.

Musanapite kumeneko, onani kaye ichi. Esinati, mwanawe, imirira. Usachite manyazi. Bwera kuno kwa atsibweni ako.

Mwamuona? Wayenda yekha kuchokera kumudzi m'mawa uno, miyendo iwiri, popanda ndodo. Ndikuthokoza Mulungu amene anasunga mwendo umenewu, ndikumuthokozanso potipatsa ana anzeru kutiposa. Filipo ndi anzako kumbuyoko, imirirani mpingo ukuoneni. Amayi, nthungululu ija munaisunga pakhonde la chipatala, itulutseni tsopano. Kondwerani nane, abale. Amen.