Mlongo wanga anapita ku Joni kukandifera

Abale, ine ndinali kalaliki pa sikimu ya mpunga ku Chinguluwe. Tayi pakhosi, botolo m'manja. Kutchalitchi ndinkati ndi kwa anthu osowa chochita.

Kenaka ndinayamba kutuluka magazi m'nkhama, thupi kumangofooka. Madokotala anati ndi khansa ya m'magazi. Mwa chisomo chabe, amishoni anandipezera njira yopita ku Joni kuti akandiike mafuta a m'mafupa a mbale wanga. Amene magazi ake anagwirizana ndi anga anali mlongo wanga Nachisale, mayi wa ana anayi, woti kusukulu sanapondeko. Tinapita tonse.

Atandiika mafutawo ananditsekera m'chipinda chandekha, kuopa kuti ndingatenge matenda ena. Kwathu wodwala samusiya yekha. Ndinangoti basi, andisiya kuti ndife.

Kunkabwera mayi wina wa ntchito yolimbikitsa odwala. Ankandifunsa chimene chikundiopsa. Nanga masiku amenewo mlendo akakufunsa zakumtima unkayankha? Ndinamuyesa kazitape. Ndinkangoti, "Zonse zili bwino, mayi." Chakudya ndinasiya, n'kumangoyang'ana khoma.

Mayiyo sanatope nane. Tsiku lina analowa ndi Nachisale, atamuveka chophimba kukamwa, akuyenda motsimphina chifukwa cha bala la pamene anamuchotsa mafuta aja.

"Achimwene," anatero mlongo wanga, "kumudzi anandiuza kuti ku Joni amapopa anthu magazi n'kugulitsa, ndipo ine ndinakhulupirira. Ana ndinawagawa kwa abale, mbuzi ndinasiyira amalume. Ndinatsanzika aliyense, poti ndimadziwa kuti sindibwererako. Ndiye inu mukukana phala?"

Ulendo wonse uja anakhala pambali panga m'ndege, ali phee, mumtima akuti akupita kokafa. Ine wophunzirane sindinamufunseko n'kamodzi komwe.

Ndinalira ngati mwana. Tsiku lomwelo ndinamuuza mayi uja zonse, kuti ndikuopa imfa, ndiponso ndikuopa kukumana ndi Mulungu amene ndinkamuseka. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anandiitanira abusa. Ndinagwada mumtima, poti mawondo analibe mphamvu. Phala lija ndinamwa.

Alemekezeke Ambuye amene anandichiritsa thupi ndi mtima womwe! Mwina alipo wina pano amene akuyankha kuti zonse zili bwino, chonsecho akutha ndi mantha. Bwerani, muuzeni Yesu. Nachisale ankangoganiza kuti andifera, koma Iyeyu anakuferani ndithu.