Ndinaleka Kubisala M'nkhokwe

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu, abale ndi alongo. Ndine amake Taonga, mayi uja amakhala kumbuyo pafupi ndi khomo. Ambiri a inu simunamvepo mawu anga. Lero muwamva.

Ndinakulira ku Shikabeta, m'manja mwa ambuya, agogo anga. Amayi ndi atate anamwalira ndili wamng'ono. Tsiku lina kunabwera galimoto ya boma kudzaona ana amasiye. Ambuya anali atamva kuti ana otere amawatengera kutali. Kaya zinali zoona, sindidziwa. Anandinyamula n'kundiika m'nkhokwe, pamwamba pa chimanga. Anati, "Usatsokomole. Mwana wamasiye akaoneka amatengedwa."

Ndinakhala duu, ndikusuzumira pa mipata ya nsungwi, ndikuona nsapato za alendo. Kuyambira tsiku limenelo ndinadziwa zinthu ziwiri, kuyang'ana ndi kubisala. Chipembedzo changa chinali chimenecho. Kutchalitchi ndinkapita, koma Mulungu ndinkamuzemba. Mumtima ndinkati, amene anatenga amayi anga akhoza kutenganso chilichonse akangochiona.

Ambuya atamwalira ndinakwatiwa, tinasamukira kufupi ndi msewu waukulu. Atate ake a Taonga anapita ku Lusaka kukafuna ntchito, osabwerako. Ndinayamba kuotcha malasha n'kumagulitsa m'mbali mwa msewu. Womusiyira mwana ndinalibe, chifukwa sindinkapempha kanthu kwa munthu. Taonga ndinkapita naye kuthengo.

Amene munaotchapo malasha mukuudziwa uvuni wake. Pamwamba ndi dothi, pansi ndi moto. Ine ndikudula mtengo chapatali, Taonga anakwera pamwambapo kuti aone potulukira utsi. Dothi linagumuka. Phazi lake linalowa m'moto.

Mayi wina akanathamangira kuchipatala cha mishoni. Ine ndinathamangira kunyumba n'kutseka chitseko. Ndinapaka dzira ndi masamba osinja. Ndinkati akaona bala adzafunsa, ndipo akafunsa adzatenga. Bala linayamba kununkha. Mwana anatentha thupi. Anansi anga anamva kulira kwake, ndipo ine ndili kuchitsime anamukweza panjinga kupita naye kuchipatala. Mulungu awadalitse. Nthawi imeneyo ndinawatemberera.

Madokotala analipulumutsa phazilo, koma anaitana a ofesi ya boma yoona za ana. Kwathu kunabwera mayi wa ku ofesiko, Ba Chileshe, panjinga yamoto. Nditangomva kulira kwa njingayo, miyendo yanga inachita zimene inaphunzira kale. Ndinathawira m'munda wa chimanga kuseri kwa nyumba. Ndinkawaona akugogoda, akufunsa anansi, akubwerera. Anabweranso, ndinathawanso. Ine ndinkayesa kuti ndikutchinjiriza banja langa. Iwo ankaona nyumba yotseka ndi mayi wosafuna mwana wake.

Kenako ndinamva kuti nkhani ikupita kukhoti, ndipo mlamu wanga wa ku Lusaka wavomera kumutenga Taonga.

Kuchipatala ndinkapita tsiku ndi tsiku, koma osalowa. Ndinkaima pansi pa mtengo wa mango, moyang'anana ndi zenera la chipinda cha ana odwala. Ndinkaona mutu wa mwana wanga. Munthu akalowa, mutuwo unkatembenukira kukhomo, kenako n'kugonanso.

Amene anandipeza ndi Ba Esinati akhala apowa, a gulu loyendera odwala. Anaika basiketi yawo pansi n'kuima pambali panga.

"Iwe mwana, mango awa ndi ako kodi? Nanga ukuwalondera bwanji chonchi?"

Analoza zenera lija n'kupitiriza.

"Mkatimo muli kamtsikana kokana kudya. Kakuti kadikira amake. Ndiwe?"

Ndinavomera ndi mutu. Kenako mawu anayamba kutuluka okha. Ndinawauza za nkhokwe, za uvuni, za munda wa chimanga. Ndinati, "Ndikaoneka andilanda mwana."

Ba Esinati anati, "Akukulanda chifukwa sukuoneka, mwanawe. Ambuya ako anakubisa chifukwa ankakukonda. Anangoiwala kukuuza kuti galimoto ija inapita kale. Tuluka."

Anandigwira dzanja n'kuyamba kupemphera pomwepo, anthu akudutsa. Ndinagwada pafumbi. Ndinauza Yesu zimene ndinali ndisanamuuzepo. Ndinati, ndili pano, ndioneni. Onani bala limene ndinabisa. Onani mantha anga.

Ndisakunamizeni, mantha sanathe tsiku limenelo. Koma ndinadzuka ndikudziwa kuti amene wandionayo sanabwere kudzalanda. Ndinalowa m'chipinda muja. Taonga anafuula kuti, "Amama!" mpaka anamwino onse anacheuka.

M'mawa mwake ndinakwera minibasi kupita kuboma ku Rufunsa. Ndinagogoda ndekha pachitseko cha Ba Chileshe.

"Ndine amake Taonga."

Anati, "Mayi, ndakufunani mpaka matayala kutha. Munali kuti?"

"M'chimanga, Ba Chileshe. Ndinkakuonani."

Sanaseke. Anandiuza mosabisa kuti mwana akanaduka phazi, ndipo sangamubweze kwa ine chifukwa cha misozi chabe. Ndinati, "Ndamva. Ndiuzeni zochita, ndichita zonse. Koma mwana wanga musamupereke kwa wina ine ndisanalankhule."

Njira inali yaitali, abale. Atatuluka m'chipatala, Taonga anakakhala kwa Ba Esinati, ine ndikumuona masana okha. Madzulo ndinkabwerera kunyumba yopanda mwana, zovala zake zili pachingwe. Masiku ena miyendo inkafuna kuthawanso. Ndinkaiuza kuti ayi, tapita kale kutali. Kokatsukitsa bala sindinajombe. Malasha ndinasiya, amayi a mpingo uno anandipatsa kachigawo kudimba kwawo, ndinayamba kugulitsa tomato ndi repu.

Tsiku la kukhoti ndinaimirira pamaso pa woweruza, ine amene sindinkatha kupempha mchere kwa mnansi. Mlamu wanga anati ndine mayi wosasamala, ndipo ku Lusaka mwana akakula bwino. Ndinapemphera chamumtima, kenako ndinayankha. Ndinati bala ndinabisadi, koma sindidzabisanso kanthu, ndipo pakhomo panga a ofesi abwere nthawi iliyonse imene akufuna, adzandipeza. Ba Chileshe anachitira umboni kuti zonse zimene anandiuza ndinachita. Woweruza analamula kuti Taonga abwerere kwa ine, a ofesi azidzationa.

Ulendo woyamba Ba Chileshe kubwera Taonga atabwerera kwathu, kunachitika chinthu chimene chinandilasa mtima. Njinga itangomveka, Taonga anathamanga motsimphina n'kukalowa pansi pa bedi. Palibe anamuuza. Anaphunzira kwa ine, zaka zonse zija ndinkatseka chitseko mlendo akaonekera panjira.

Ndinagwada n'kusuzumira. Ndinaona maso awiri akundiyang'ana mumdima, ngati a mwana uja wa m'nkhokwe. Ndinati, "Tuluka, mwana wanga. M'nyumba muno sitibisalanso. Tenga mpando ukawapatse alendo."

Anatuluka. Lero ali apo, wavala nsapato mapazi onse awiri.

Ndikuyamika Mulungu amene anandiona pansi pa mtengo wa mango osanditaya. Anandibwezera mwana, anandipatsanso pakamwa. Dzina lake lilemekezeke.

Mwina muno muli wina amene watsekera bala m'nyumba, la mwana kapena lake lomwe. Ine ndikudziwa mmene limanunkhira. Musadikire kuti anansi adzalimve. Bwerani kutsogolo kuno. Ba Esinati alipo, inenso ndilipo, tigwada nanu limodzi. Galimoto ija inapita kale. Tulukani, Yesu akuoneni.