Bokosi la Zithunzi Zoyenda

Pamsika wa pa Boma la Dedza, mayi wogulitsa nyemba ankafunsa bambo wina wongobwera kumene kuchokera ku Joni.

"Akuti kumeneko zithunzi zimayenda pansalu. N'zoona, bambo?"

"N'zoona, mayi. Mzungu amapukusa bokosi, ilo n'kukujambulani mukuyenda."

"Nanga bwanji sabwera kuno kudzatijambula? Mwana wanga Ignasio ali komweko. Mwina akanandiona, n'kudziwa kuti ndikadali moyo."

"Amangojambula m'mizinda mofika njanji. Bokosilo n'lolemera, komanso limadana ndi mvula. Angalikweze ndani mapiri onsewa? Amuna onse anapita ku mtengatenga, kukasenza katundu wa nkhondo."

Mayiyo anayang'ana dengu lake.

"Ine ndasenza ili kuchokera ku Lobi. Kodi bokosilo limalemera kuposa pamenepa?"