Kapiteni Wanga Anathera M'difu ya Vaneti

M'zaka zija za m'ma 1990, titangopumako ku chilala cha chimanga chachikasu, m'mudzi muno munalibe galimoto ngakhale imodzi, ndipo tikamva injini tinkadziwiratu kuti ndi abambo a ku parishi kapena ogula thonje. Lero ndi zina, aliyense ali ndi galimoto yake m'foni. Iwe Dalitso, kuyambira m'mawa wakhala ukundigwedezera zithunzi kumaso, ati agogo tigulitseko ng'ombe ziwiri tiitanitse iyi yofiirayi. Ika kaye foniyo m'thumba, ndipo enanu senderani kuno kumthunzi, ndikuuzeni mtengo wa galimoto umene salemba pa chithunzi.

Ine nthawi imeneyo ndinali ndi ng'ombe ziwiri zolimira, Kapiteni ndi Mawanga. Atate athu anasiya khola lodzaza, koma matenda a nkhupakupa anasesa zonse n'kutsala tiana tiwiri timeneti, ndipo ndine ndinatilera, ndine ndinatiphunzitsa goli mpaka mapewa anga kutupa. Kapiteni ndiye anali mutu. Ankayenda mumzere osapotoka, ndipo ukangoimba mluzu pamapeto pa munda ankatembenuka yekha. Mawanga anali ndi mphamvu koma wopanda nzeru, ntchito yake inali kutsatira mnzake basi. Ndi ziwirizo ndinkalima chimanga, thonje ndi nshawa, ndipo m'nyumba mwanga njala inkangodutsa pakhomo.

Ndiye kunabwera akulu anga a Lazalo kuchokera ku migodi. Anali atawachotsa ntchito pamodzi ndi anzawo ambiri, n'kuwapatsa kandalama kotsanzikira. Wanzeru akanagula mbuzi, akanafolera nyumba ndi malata, koma iwo ayi, anagula vaneti yabuluu yomwe inali itatopa kale ndi eni ake atatu. Tsiku lomwe anafika, hutala kuyambira kumsewu waukulu mpaka pabwalo, amayi athu kulira ndi chimwemwe, nthungululu mudzi wonse. Iwo kutsika ndi nsapato zoyera, nsapato zoyera m'fumbi la kuno! Makiyi anali lendelende pa lamba ngati woyang'anira ndende. Chikomekome cha mkuyu, ana inu, m'kati muli nyerere.

Ndipo mumve bwino apa, chifukwa mpaka lero ndi mmene zilili. Vaneti ija ikamayenda inali ya a Lazalo, ndipo ngakhale ine mng'ono wawo ndinkalipira thumba lililonse lopita ku Chipata. Koma ikangotsokomola, pomwepo inkasanduka galimoto yathu ya banja.

Itafika nyengo yotentha, kumbuyo kwa vaneti kunayamba kulira ngati galu womangidwa pachingwe. Mukudziwa mankhwala amene akulu anapeza? Kukweza wailesi. Phokoso likakula, iwo n'kuwonjezera nyimbo, mpaka tsiku lina inangoti gu gu gu pafupi ndi dambo n'kukana kusuntha. Anabwera kwa ine thukuta kamukamu.

"Damiano, tamanga ng'ombe, galimoto yathu yavuta."

Ndinamanga. Kapiteni ndi Mawanga anaikoka m'mawa wonse mpaka pa galaja ina ya pansi pa mtengo wa mango kumayambiriro kwa tawuni, kwa makaniko wina wamimba dzina lake a Mwale. Mpaka lero zimandiwawa kuti Kapiteni anadzikokera yekha imfa yake.

A Mwale anakwawira pansi n'kutsegula difu. Kwa inu osadziwa, difu ndi chimphika chachitsulo chija chili pakati pa matayala akumbuyo, ndipo m'kati mwake muli magiya awiri olumana, lalikulu ngati mbale yokhala ndi mano, laling'ono ngati chitsononkho. Oilo munalibe, munali phala lakuda losakanizika ndi tizitsulo. A Mwale anapukuta manja n'kunena ndi pakamwa pawo, ine ndikumva: "Bwana, awa amagulitsidwa limodzi ndipo amaikidwa limodzi. Mukasintha limodzi lokha, amadyana."

Mtengo wake sindikutchulirani, chifukwa kwacha ya nthawi imeneyo inalibe mawu, mtengo wa Lolemba sunali wa Lachisanu. Ife tinkawerengera mu ng'ombe. Magiya awiri kusitolo za amwenye, oilo, ndi ntchito ya a Mwale, zonse pamodzi zinali ng'ombe ziwiri zamphongo zonenepa. Ndipo akunena zimenezo, maso awo sanali pa akulu anga ayi, anali pa Kapiteni ndi Mawanga amene ankabzikula pamthunzi.

Lamlungu lotsatira, titachoka ku Misa, banja linakhala pansi. Panali amayi athu, atate aakazi a Tereza, mlongo wa malemu atate, ndi ena ongobwera kudzavomereza. Akulu anayamba ndi mawu okuluwika ngati wandale.

"Ng'ombe zimenezi ndi za khola la atate, ndipo wamkulu pano ndine. Galimoto iyi ikadzuka, ikhala ikunyamula feteleza mudzi wonse, ndipo Khirisimasi isanafike ndigula ng'ombe zinayi."

Ine ndinati, "Akulu, taonani kumwambaku, mitambo yayamba kusonkhana. Ndilimira chiyani? Hutala?"

Iwo anatembenukira kwa amayi. "Nanga amayiwa akadwala mwadzidzidzi, Damiano adzawakweza pamsana pa ng'ombe kupita nawo kuchipatala?"

Amayi anaweramitsa mutu, ndipo ndinadziwa kuti muvi walasa. Apo ndi pamene atate aakazi anatsokomola n'kubweretsa nzeru yawo, nzeru imene mpaka lero ndikaikumbukira mano amandiyabwa. "Ana anga, mutu umodzi susenza denga. Musakangane. Gulitsani imodzi, ina itsale, kuti wina asaseke wina akulira."

Anthu m'manja phwaphwaphwa, ati a Tereza aweruza bwino. Alimi enieni, obadwira m'mizere, kuombera m'manja nkhani yogawa goli pakati! Agogo anu aakazi, a Naphiri, sanapirire. Anati, "Pepani atate aakazi, kodi goli lili ndi mbali zingati?" Atate aakazi anawakalipira kuti mtengwa salowerera za khola la eni ake.

Wogula anabwera ndi chingwe chake, ndipo munthu wa butchala sasankha yopusa, amasankha yonenepa. Anatenga Kapiteni. Ine sindinapite nawo kumsewu, ndinakhala kuseri kwa nkhokwe, ndipo sindichita manyazi kukuuzani kuti ndinalira ngati pamaliro. Mawanga anabuula m'khola sabata yathunthu, osafuna ngakhale msipu.

Tsopano ndalama ya ng'ombe imodzi igula bwanji magiya a ng'ombe ziwiri? Apa mpamene a Mwale anaonetsa ukatswiri wawo weniweni, womeza mawu. Ataona ndalama m'manja mwa akulu, zija zakuti amadyana zinauluka. Anati ali ndi mnzawo wobweretsa zitsulo kuchokera ku Malawi amene angawapezere giya lalikulu lokha, latsopano, lonyezimira. "Laling'onoli likadali ndi moyo, bwana, lingofunika kutsuka." Akulu nawo anagwedeza mutu ngati dokotala, ati n'zoona, chofunika ndi chachikulu, kanthu kakang'ono sikangavute. Choncho banja lathu linatsala ndi theka la goli kumudzi ndi theka la magiya m'tawuni, ndipo onse anali okhutira kupatula ine ndi a Naphiri.

Mvula inagwa bwino chaka chimenecho, mvula yoti mlimi amagona akumwetulira. Anzanga onse m'minda, zikwapu thyapu thyapu, ine ndili ndi ng'ombe imodzi yondiyang'ana. Ndinabwereka kang'ombe kamphongo kwa a Zulu oyandikana nafe n'kukamanga ndi Mawanga, koma Mawanga anali atazolowera kutsogoleredwa, kobwereka kaja nako kanali kosaphunzira, ndiye wina kumanja wina kumanzere, mpaka goli linathyoka ndipo Mawanga anangogona mumzere. Ndinapita kukapempha ng'ombe zolima kale, koma ndani amabwereketsa ng'ombe mvula yoyamba? Aliyense ankati dikirani timalize. Ine ndi a Naphiri tinagwira makasu ngati makolo athu akale, ndipo pamene ng'ombe za eni zinapezeka, chimanga cha anzathu chinali chitafika m'mawondo. Thonje sitinabzale n'komwe.

Nanga ng'ombe zinayi za Khirisimasi? Ha! Khirisimasi inabwera ndi tayala lophulika, chaka chatsopano chinabwera ndi batire, ndipo ndalama yotsalayo inathera pa mabotolo ku Chipata, kumene akulu ankatchedwa bwana. Kumbuyo kwa vaneti kunayambanso kaphokoso kaja. Nditawafunsa anati, "Iwe sudziwa, magiyawo akuzolowerana."

Anazolowerana ndithu. Itafika nthawi ya Ncwala, mwambo wathu uja wa zokolola zoyamba, akulu analengeza kuti mudzi wathu chaka chino sukwera malole ngati amphawi, upita kumwamboko ku Mtenguleni pa galimoto yake. Anadzaza amuna a zikopa ndi zibonga, amayi ndi madengu, zigubu za mowa, ena atakhala pa denga, ena miyendo ili panja, vaneti mpaka kukhala pansi ngati nkhuku yofungatira. Ine ndinatsala, ndinali kupalira kamunda kanga kochedwa. Amene anali pomwepo anandiuza kuti atafika pa chitunda china, akuimba nyimbo za ngoma mokweza, pansi panangoti khwaa! kenako gubudu! Vaneti inayamba kubwerera chambuyo, ankhondo onse aja kudumpha, zikopa kuuluka, mowa kutayikira mu ngalande. Anthu a m'midzi ina ankadutsa pa malole awo akuwakuwiza.

Chakumasana anafika alamu athu ena pa njinga, wefuwefu, kundipeza m'munda.

"A Damiano, akulu anu akuti mufulumire ndi ng'ombe mukakoke galimoto."

Ndinatsamira khasu n'kuwayang'ana. "Ng'ombe ziti, alamu? Imodzi ndi iyo ili apoyo, siyenda yokha. Inayo ili m'difu momwemo. Kawauzeni aiimbire mluzu, mwina iwakokera."

A Mwale atatsegulanso chimphika chija, giya laling'ono linali litathera mano onse, ndipo lalikulu latsopano lija linali litabenthuka mbali imodzi. Mukudziwa chimene ananena munthu wopanda manyazi uja? "Bwana, paja ndinakuuzani kuti amadyana." Tsopano ankafuna onse awiri, pamtengo watsopano, pakuti kwacha inali itagwanso.

Atate aakazi anayesa kutsokomola kachiwiri, ati popeza Mawanga akungokhala, bwanji naye athandize banja. Tsiku limenelo a Naphiri anaiwala kuti ndi mtengwa. Anatenga musi n'kukaima pakhomo pa khola, ndipo anati amene akufuna ng'ombe ayambe wadutsa apa. Palibe anayesa. Ngakhale amayi athu, amene sankatsutsa mwana wawo woyamba, anati, "Lazalo, zakwana. Ndikadwala ndidzafera pamphasa panga."

Mukuseka, koma chotsatira sichoseketsa. Chaka chimenecho anzathu anamanga nkhokwe zowonjezera, ife yathu sinafike ndi pakati pomwe. Mvula ina isanabwere ufa unali utatha, ndipo a Naphiri ankagwira ganyu m'minda ya anthu amene kale ankabwera kudzapempha kwa ife. Thonje ndilo linkalipira sukulu, ndipo thonje kunalibe. Mwana wathu woyamba anali atakhoza mayeso opita ku sekondale, mutu wakuthwa, aphunzitsi mpaka kubwera kunyumba kudzatidandaulira. Sanapite. Mwana ameneyo, Dalitso, ndi amayi ako. Ukawafunse chifukwa chake amakukalipira ukaseweretsa mabuku.

Zinanditengera zaka kuti ndipezenso mnzake wa Mawanga. Vaneti inakhala pa miyala kuseri kwa nyumba ya akulu, nkhuku zikuikira mazira pa mpando wa dalaivala, koma makiyi sanachoke pa lamba mpaka tsiku lomwe tinawaika m'manda. Matayala ndi chitsulo chakumbuyo anagula munthu wina wopanga ngolo, ndiye mapeto ake zinakokedwabe ndi ng'ombe, za eni ake. Giya lalikulu lija wangoloyo analikana, ati n'lolemera chabe. Akulu analitsuka ndi mchenga n'kukalipereka ku tchalitchi chathu kuti likhale belu, ndipo akatekisiti analengeza pamaso pa mpingo wonse kuti a Lazalo apereka mphatso ya mtengo wapatali. Anthu m'manja phwaphwaphwa kachiwiri. Apo pokha sananame, inalidi ya mtengo wapatali.

Ndi lomwe lija lapachikidwa pa mtengo pakhomo pa tchalitchi, lomwe mumalimenya ndi chitsulo Lamlungu m'mawa. Inu mumamva belu, koma ine zaka zonsezi ndimamva Kapiteni akundiitana.

Sindikuti galimoto ndi yoipa, mdzukulu wanga. Masiku ano misewu ndi yabwino, ndipo mwina iwe uli ndi mutu kuposa akulu anga, Mulungu awalandire ndi nsapato zawo zoyera. Koma walira mvula walira matope. Usafunse mtengo wogulira wokha, ufunsenso wa zija zili pansi zosaoneka, ndipo uyambe wadziwa kuti zikadzalira adzalipira ndani. Ikadzakhala yako poyenda, ikhalenso yako pofa, ndipo chimene chimagwira ntchito chili pawiri usachigawe kuti usangalatse anthu pa msonkhano. Mawa ndi Lamlungu. Undiperekeze ku Misa, ukaligwire belu lija ndi dzanja lako, upeze pomwe linabenthuka. Ukatero ubwere tidzakambirane za ng'ombe zangazo.