Telala, Masitepe ndi Kochi wa Pafoni

Mkazi wa telala anapereka miyezi itatu: kochi wa pafoni amulimbitse mwamunayo mpaka akweze yekha makina ake osokera ku shopu yatsopano ya pamwamba, apo ayi Lolemba akadzipereke ku jimu kwa Wawenzulo, kochi wokuwa uja amene telala ankamuopa ngati jakisoni. Miyezi inatha, ndipo Loweruka m'mawa telala anaima pansi pa masitepe, makina achitsulo chokhachokha ali pamapazi pake, pambali pali mlamu wake, wowerenga mamita a madzi, munthu amene cholembedwa chilichonse amachitenga monga chalembedwera.

"Alamu," anatero telala akusisita mimba, "achemwali anu afika teni koloko."

"Anatero."

"Akufuna adzapeze makinawa ali pamwamba."

"Anateronso. Nyamulani, ndakupatsani njira." Mlamu anasuntha n'kutsamira khoma.

"Musandifulumize. Kunyamula kumayambira m'mutu. Kochi amatero."

"Amati kumayambira m'miyendo."

"Aaa, n'chimodzimodzi, thupi ndi limodzi! Inu mukudziwa kuti ine ndapita patali. Tawerengani zimene analemba dzana."

Mlamu anatulutsa foni, naiyandikizitsa kumaso. "Akuti: 'Mwachita bwino kwambiri. Mapewa akula. Onjezerani makilo asanu.'"

"Mwamva? Mapewa akula! Wawenzulo akanandiuza mawu okoma otere? Uja n'kukuwa basi, malovu n'kumakugwera m'maso. Uyu ali kutali, koma amaona zonse."

"Amaonadi. Koma mapewawo ndi anga."

"Anu bwanji? Dzina limene tinalembetsa ndi la ndani?"

"Lanu."

"Basi."

"Koma m'kanema amene timatumiza mumakhala ine. Tsiku loyamba lija munati mimba yanu sikukwana pagalasi la foni, ndiye ndiyambe ndanyamula ine zitsulo zolimbitsira thupi zija mpaka itaphwa."

"Ndiye yaphwa?"

Mlamu anaiyang'anitsitsa, anaizungulira, n'kubwerera pamalo pake. "Ayi."

"Nanga mukudandaula chiyani? Pangano likadalipo."

"Sindikudandaula. Malaya anga okha ndi amene akuthina."

Telala ankakana kugonja ngakhale pa zinthu zoonekeratu, ndipo pa luso limeneli analibe mnzake. Anapinda mkono wa malaya n'kuonetsa dzanja.

"Musamayankhule ngati ine ndimangokhala. Amawerenga ndani inu mukamanyamula?"

"Inu."

"Amagwira foni ndani? Theka la ola mkono uli m'mwamba, osanjenjemera! Tadinani apa."

Mlamu anadina ndi chala. Chala chinalowa.

"Pafewa ngati pilo."

"Ndi mnofu wodekha umenewo. Suchita matama." Telala anatsitsa malaya msanga. "Chabwino, tichite monga mwa masiku onse. Inu nyamulani, ine ndijambule."

"Lero sindinyamula."

"Mwadwala?"

"Ndili bwinobwino. Lero ndi tsiku lopuma." Mlamu anatembenuza foni. "Onani: 'Loweruka musanyamule chilichonse cholemera kuposa kapu ya tiyi.' N'chifukwa chake chikwama ndachisiya kunyumba."

"Iii, amangocheza ameneyo!"

"Palibe pamene walemba kuti akucheza."

"Sakukuonani, alamu! Ali kutali!"

"Mwangonena kumene kuti amaona zonse."

"Amaona zimene tamutumizira!"

"Lamlungu lililonse amafunsa ngati ndinapuma. Ndidzayankha chiyani?"

"Mudzati munapuma!"

Mlamu anapukusa mutu mwachisoni. "Mita ikanena fote, ine sindilemba sate. Zaka khumi ndi ziwiri pantchito, sindinayambe ndatero."

Telala anayenda uku ndi uku, kenako anaima, maso atawala.

"Dikirani. Dzina ndi langa, si choncho? Ndiye kuti tsiku lopumali ndi langa. Inu kochi sakudziwani n'komwe. Nyamulani!"

Mlamu anaganiza nthawi yaitali, milomo ikuyenda ngati akuwerengetsa.

"N'zoona," anatero. "Ngati tsiku lopuma ndi lanu, mapewa aja ndi anunso. Kwezerani amenewo."

"Alamu, ndine mwamuna wa mlongo wanu!"

"Eya."

"Ukwati wanu suti anakusokerani ndani?"

"Inu. Nayonso ikuthina."

Foni ya telala inalira m'thumba. Anaitulutsa, anawerenga, nkhope n'kugwa. Uthenga unali wa mkazi wake: anali atanyamuka, ndipo anawonjezera kuti adutsa pa jimu kukapereka moni. Apa mantha anamugwira telala zenizeni. Anadziona kale ali chigonere pa simenti, wenzulo ikulira m'khutu, makasitomala ake akusuzumira pawindo.

"Sunthani," anatero ndi mawu ochepa. Analavulira m'manja, nawerama.

"Msana!" mlamu anakuwa.

Telala anadzidzimuka mpaka kugunda mutu kukhoma. "N'chiyani?"

"Wongolani msana! Pindani mawondo!"

"Musandikuwire ngati Wawenzulo!"

"Sindikukuwa. Ndikuwerenga monga alembera, ndi zilembo zazikuluzikulu." Mlamu anaika dzanja pamsana pa telala n'kukankha. "Apa palowe. Chifuwa kutsogolo. Matako kumbuyo."

"Matako anga asiyeni!"

"Ali pa nambala fo m'malangizo a kochi. Kokani mpweya. Musautulutse. Dzukani!"

Makina anachoka pansi. Telala anadabwa kuposa wina aliyense. Anawakumbatira ngati mwana wodwala, maso atatong'oka, n'kuponda sitepe yoyamba.

"Imodzi," anatero mlamu.

"Atsala angati?"

"Khumi ndi asanu ndi awiri."

"Mayo! Simukanandinamiza pang'ono?"

"Ayi."

Pa sitepe yachisanu panamveka kuti kwee!

"Alamu, ndi msana umenewo?"

Mlamu anasuzumira kumbuyo. "Ndi buluku."

"Lang'ambika kwambiri?"

"Kuyambira palamba mpaka pansi. Koma musadandaule, makina mwanyamula."

"Gwiriziraniko mbali imodzi, chonde, ndi chala chokha!"

"Chala chimenecho chili pa tsiku lopuma. Mawondo! Musayang'ane pansi! Mpweya!"

"Ndafa ine!"

"Simunafe. Khumi."

"Mukauze ana kuti sizala yaikulu ija ili m'dilowa la kumanzere!"

"Ndikawauza. Khumi ndi imodzi. Msana!"

Anakwera choncho, wina akulira, wina akukuwa, dzanja la mlamu lili pamsana osachoka. Atafika pamwamba, telala anatsitsa makina pakati pa shopu yopanda kanthu, n'kugona chagada pambali pake. Anapuma ngati pampu ya njinga. Kenako anayamba kuseka, ndipo chimwemwe chake chinali chenicheni, chifukwa chibadwire anali asananyamulepo chinthu cholemera kuposa mpukutu wa nsalu.

"Mwaona, alamu? Mwaona? Miyezi itatu osakhudza chitsulo, kungomvetsera basi, makina awo ali pamwamba! Ndani ananena kuti kochi wa pafoni sathandiza? Wawenzulo akaimbire nkhuku wenzulo yakeyo!"

"Koma amakuwongolani msana ndi ine."

"Inu mumangowerenga. Nzeru zimachokera pafoni."

"Ndiye akondwa akaona."

Telala anadzutsa mutu. "Akaona chiyani?"

"Kanema. Lamulo loyamba limati chilichonse chonyamulidwa chijambulidwe. Dzanja lina linali pamsana panu, lina linali ndi foni."

"Munajambula kuchokera kumbuyo?"

"Ndi kumene ndinali."

"Ndi buluku lomwe?"

"Likuoneka bwino kwambiri. Ndatumiza kale."

Telala anakhala tsonga, anaphimba kumaso, kenako anachotsa manja pang'onopang'ono. Kukana kugonja kunabwereranso.

"Palibe kanthu. Aone! Aone mwini dzina akugwira ntchito. Munthu uja ndi katswiri, amadziwa mphamvu akaiona."

Pansi panamveka chitseko, kenako nsapato za mayi zikukwera masitepe. Nthawi yomweyo foni ya mlamu inalira.

"Wayankha," anatero mlamu.

"Dikirani afike kaye!" Telala anaimirira, anatsamira makina ndi dzanja limodzi, lina atagwira buluku kumbuyo. Mkazi wake atangoonekera pakhomo, anatukula chifuwa. "Amayi, mwafika bwino. Makina ndi awa, wakweza ndi uyu. Tsopano mumve nokha zimene kochi wanga akunena, ndipo chilichonse chimene anene ndichita, pamaso panu ndi pamaso pa mlongo wanuyu. Werengani, alamu. Mokweza!"

Mlamu anakonza kukhosi, nayandikizitsa foni kumaso.

"Akuti: 'Bambo awa sindikuwadziwa, koma pafoni sangatheke. Apezereni msanga kochi woti aziwaimirira pambali n'kumawakuwira.'"