Lezala ya Bapongozi

Ba Pasita, bakulu ba mpingo, bamayi na batate, nikupatsani moni mu dzina la Ambuye. Naimilira pano kuti nichitire umboni, ndipo umboni wanga ni wa vinthu vamene sitikamba mu tchalitchi. Bamene muli na manyazi yang'anani pansi, ine nikambe.

Mudziwa kuti ninakhala zaka zinayi mu ukwati kopanda mwana. Zaka zinayi, abale. Chaka chatha Mulungu ananikumbukira. Koma mimba itafika miyezi isanu, ninaona tunthu twamera kumaliseche, tung'onotung'ono monga njerewere. Situnali kuwawa, koma tunali kuyabwa, ndipo tunali kuchuluka. Ine wamene mumanimva pa kiyosiki ya madzi ku komboni ya George, wamene sinitseka pakamwa, ninakhala chete masabata atatu. Ninali na mantha, ninali na manyazi.

Nthawi iyo bapongozi, amayi ba bamuna banga, banali batabwera kuchoka ku Katete kuti banithandize. Ninalimba mtima, n'kubaonetsa. Banangoyang'ana kamodzi, bati ni mauka. Bati ngati mauka aya sadulidwa, mwana azabadwa wodwala, azatentha thupi mpaka kumwalira. Bati ibo banadulidwa, ndipo banadulapo bambiri kumudzi. Musabaone monga munthu woipa, iyayi. Mayi uja amanikonda, ndipo mdzukulu banali kumufuna kupambana ine.

Pa Chiweru m'mawa, bamuna banga batapita ku ganyu, bapongozi banagula lezala yatsopano pa kantemba, kashopu ka pa msewu. Banasefa phulusa, n'kusakaniza na mchere kuti bapake pa chilonda, n'kuyala saka mu bafa kuseli kwa nyumba. Banaitana na mayi wa nyumba yoyandikana kuti anigwire miyendo. Ine ninagona pa saka ija. Ninagona, abale, sinizanama.

Pamene ninamva kapepala ka lezala kakutsegulidwa, ninapemphera mumtima kuti: Ambuye, ngati iyi ni njira yanu, nipatseni mtima. Ngati si yanu, nipatseni miyendo.

Ananipatsa miyendo.

Ninauka, n'kumanga chitenje. Bapongozi bati, "Mukachoka pano, mwana akafa, musakatchule dzina langa."

Ine ninagwada, chifukwa ulemu ninaphunzitsidwa, n'kuti, "Amayi, ndimwe makolo anga, koma lezala iyo siizakhudza thupi langa." Ninafika pa siteji na patapata imodzi, kondakitala wa minibasi mpaka anaseka.

Ku kiliniki ba nesi banaona, ndipo sibanadabwe na pang'ono pomwe. Bati izo ni njerewere za kumaliseche, zimabwera na kachilombo kamene kamapatsirana pogonana. Bati kangabisale m'thupi miyezi kapena zaka, ndiye tisakamenyane kunyumba kuti anakabweretsa ni ndani. Bati mimba imazikulitsa, ndipo kudula na lezala kukanachotsa magazi ambiri, chilonda n'kuola, njerewere n'kumeranso. Ninabafunsa za mwana. Bati njerewere sindizo zimatenthetsa thupi la khanda.

Bamayi, mverani apa, na imwe batate musagone. Ba nesi bati ukaona chilichonse chamera kumeneko, bwera. Zikayamba kukula, kuchotsa magazi kapena kuwawa, usayembekeze mawa. Ndipo ngati uli na pakati usadzole chilichonse wekha, chifukwa mankhwala ena amene amagulitsa sagwirizana na mimba. Ine bananithandiza komweko, ninabwerera kangapo. Bananipimanso matenda ena, bamuna banga nabo ninabakokera kumeneko. Banapita bakung'ung'udza, koma banapita.

Kunyumba kunali kozizira. Bapongozi sibananikambitse masabata awiri, chakudya changa banali kungochiyang'ana. Ndipo nikuuzeni chilungamo: mwana akakhala chete m'mimba tsiku limodzi, mawu abo aja yanali kubwera. Ninali kulira nekha, koma sininabwerere pa saka.

Manje onani kumsana kwanga. Uyu ni Dalitso, ali na miyezi isanu na iwiri, ndipo amadya monga bambo wake. Njerewere zinatha. Bati nthawi zina zimabweranso, koma njira ya ku kiliniki naidziwa, ndipo nizapita na mapatapata onse awiri. Nimadzinyadira, abale, nimadzinyadira kuti ninauka.

Bapongozi si abo bakhala pa benchi yachitatu, babisa nkhope mu chitambala. Banilola kuti nikambe. Lezala ija banaisunga mu kapepala kake, ndipo Dalitso atakwana kumetedwa, banaitulutsa n'kumeta nayo tsitsi loyamba la mdzukulu wabo. Iyo ndiyo ntchito yokha imene inagwira m'nyumba mwanga.

Nayamika Mulungu wamene ananipatsa miyendo, nayamika na manja ya ba nesi. Imilirani mukondwere na ine. Amayi, bwerani mutenge mdzukulu wanu, muyambitse nyimbo ndimwe.